Mkango ndi kambuku zaponda pa phiri lathu

Sabata yatha mdzukulu wanga wa Sitandade 6 anabwera ndi ntchito yochitira kunyumba: ajambule chizindikiro cha dziko la Malawi, chija chili pa chiphaso cha unzika, pa pasipoti ndi pamutu pa kalata iliyonse yochokera ku boma. Buku analibe, paja buku limodzi amalimbirana ana angapo ndipo limagona mu ofesi ya a hedi. Ndinakakhuthula chitini cha mabatani cha agogo ake aakazi n'kupezamo K10 yachitsulo, ija masiku ano ngakhale wogulitsa zitumbuwa amakubwezera. Mwana anakhala pakhonde, kope pabondo, kandalama pafupi ndi diso. Anajambula mkango kumanzere, kambuku kumanja, chishango pakati, nkhwazi pamwamba. Mkango wake unkaoneka ngati galu wovumbwa, koma umenewo si mlandu. Atafika kumapazi a zilombozo anangolemba mzere wowongoka n'kutseka kope.

"Nanga pansipa?" ndinamufunsa.

"Ndi pansi basi, agogo."

"Zilombozi zaponda pa chiyani?"

Anasuzumiranso pa kandalama kaja. "Kaya. Mwina ndi chulu."

Ndinamugwira dzanja, tinazungulira kuseri kwa khitchini. Chiperoni chinali chitangokata, mitambo ikukwera, phiri lonse lili poyera, madzi akutsetsereka pathanthwe ngati ulusi woyera. Ndinati, "Chulu chakocho ndi icho." Anandiyang'ana ngati ndikumuseka. Mwana wobadwira patsinde pa phiri la Mulanje, amene amalidzukira m'mawa uliwonse, sankadziwa kuti chizindikiro chonse cha dziko lake chaima pa phiri limeneli.

Sindingamudzudzule mphunzitsi wake, chifukwa inenso ndagwira choko zaka zoposa makumi atatu ndipo sindikumbuka tsiku limene ndinaima pa mfundo imeneyi. Tinkaphunzitsa mbendera ngati nyimbo. Wakuda ndi anthu a mu Africa, wofiira ndi magazi a amene anafera ufulu, wobiriwira ndi chonde cha dziko, dzuwa lotuluka ndi m'bandakucha wa ufulu ndi chiyembekezo. Ana akaloweza, timawachonga, belu n'kulira. Amene anali wochenjera ankawonjezera kuti dzuwalo lili ndi timizere 31. Chizindikiro tinkachiwerenga kuyambira pamwamba: nkhwazi, chisoti chachitsulo, mafunde a nyanja, mkango wagolide pa malo ofiira, dzuwa pa malo akuda. Pofika pansi nthawi inali itatha. Lero ndikunena kuti tinkalakwitsa poyambira. Munthu akamayesa nyumba sayamba ndi malata. Chizindikiro chathu chimamveka bwino ukachiwerenga kuyambira pomwe chaponda, ndipo ukatero chimasiya kukhala chokongoletsera makalata, chimasanduka pepala la ngongole imene sinabwezedwe.

Tiyambe tavomereza kuti chizindikirochi sichinabadwire pabwalo la mfumu iliyonse kuno. Chinavomerezedwa pa 30 Juni 1964, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti tilandire ufulu pa 6 Julaye, ndipo kalembedwe kake ndi ka ku London, ka mabanja achifumu a kumeneko. Chisoti chachitsulo chija palibe Mlhomwe, Mmang'anja kapena Mngoni amene anachivalapo. Mkango wa pakati pa chishango, uja wakweza dzanja limodzi ukuyenda, ndi m'bale wake wa mikango ya pa zizindikiro za ku England. Kumbukirani kuti Mfumukazi Elizabeth inakhalabe mutu wa dziko lino mpaka 1966. Kambuku naye si wachilendo: anali pa chizindikiro cha Nyasaland, ataima pathanthwe, pamwamba pake pali dzuwa lotuluka pa malo akuda.

Dzuwa limenelo ndi limene ndikufuna tiliyang'anitsitse, chifukwa ambiri timayesa kuti linatuluka koyamba mu 1964. Ayi. Atsamunda anali nalo kale, ndipo pansi pake analembapo mawu a Chilatini akuti Lux in Tenebris, kutanthauza kuwala mu mdima. Sipafunika kupita kusukulu yaukachenjede kuti udziwe amene ankadziyesa kuwala ndi amene ankayesedwa mdima. Dzuwa lomwelo linatulukanso mwa njira ina m'bandakucha wa pa 3 Malichi 1959, pamene Bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress agwidwe ali m'tulo. Ntchito yogwira anthuyo anaipatsa dzina loti Operation Sunrise, kutuluka kwa dzuwa. Dr Banda anatengedwa kupita kundende ya Gwelo, anthu mazanamazana anatsekeredwa, ndipo pofika pamapeto pa chipwirikiticho anthu oposa 50 anali ataphedwa. Koma m'zaka zomwezo, pamisonkhano ya Congress, wina ankakuwa kuti "Kwacha!" khamu n'kuyankha, ndipo mawuwa anafika pokhala dzina la ndalama yathu mu 1971, tambala wake n'kukhala wolengeza kuti kunja kwayera.

Ndiye taonani: chithunzi ndi chimodzi, dzuwa likusuzumira pa malo akuda. Kwa m'mishonale ndi mtsamunda linkatanthauza iwo eni. Kwa Armitage linali ola logogoda pazitseko za anthu. Kwa makolo athu linali kutha kwa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Palibe amene anasintha kajambulidwe kuti tanthauzo lisinthe. Linasintha chifukwa anthu anachita kanthu, ena mpaka kutaya moyo. Mfundo imeneyi tikanaigwira, sitikanachita zimene tinachita mu 2010.

Ndikuti "tinachita" mwadala. N'kosavuta lero kunena kuti anali malemu Bingu wa Mutharika okha. Zoona, ganizo linali la boma lawo: akuti patatha zaka 46 dzuwa silingakhale likadali kutuluka, dziko latukuka, tiike dzuwa lathunthu. Pa 29 Julaye 2010 mbendera yatsopano inakwezedwa, wofiira pamwamba, wakuda pakati, wobiriwira pansi, dzuwa loyera lozungulira pakatikati. Mipingo ndi mabungwe ambiri anakana, koma mafumu ankaonetsedwa pa kanema wa boma usiku ndi usiku akuyamikira. Nanga ife a kuno? Bingu anali mwana wa ku Thyolo, wa kwa Goliati, ndipo chimanga chinali chitachita bwino ndi makuponi a fetereza. Ambiri a ife tinaona ngati kutsutsa mbendera ndi kutsutsa mwana wathu. Ine ndinang'ung'udza m'sitafurumu basi, mawu otsika, kapu ya tiyi ili m'manja.

Ndimakumbuka m'mawa umene tinaikweza pasukulu imene ndinkaphunzitsa. Nsalu inali yatsopano, yonyezimira, mizere ya popinda ikuonekabe. Ana anaimba nyimbo ya fuko monga mwa masiku onse. Kenako kamnyamata ka Sitandade 4, kosavala nsapato, kanakweza dzanja pa asembule n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye pamayeso tizilemba ziti?" A hedi anayankha kuti zidzadziwika. Mbendera yakale anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa kabati, pamodzi ndi marejisitala akale. Atandiona ndikuwayang'ana anati, "Achimwene, zinthu za boma sataya." Sipanathe chaka, mizere ya magalimoto inali itazungulira malo omwetsera mafuta, ndalama zakunja zitasowa, ndipo pa 20 Julaye 2011 anthu anapita mumsewu atavala zofiira. Pa masiku awiri anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Dzuwa lathunthu lija linawala pa maliro amenewo. Bingu anamwalira mu Epulo 2012 n'kuikidwa ku Ndata, ndipo pa 28 Meyi chaka chomwecho, boma lili m'manja mwa mayi Joyce Banda, aphungu anavota kubwezeretsa mbendera yakale. Aphungu ena amene anakweza manja mu 2010 anawakwezanso mu 2012, nkhope zili gwa. A hedi anatsegula kabati. Mphemvu zinali zitadya kangodya ka mbali yobiriwira, koma inakwera.

Sindikunena izi kuti ndinyoze munthu amene anagona kale. Ndikuti tonse, iye ndi ife, tinagwa m'mbuna imodzi: kuyesa kuti ukajambula chitukuko pansalu ndiye kuti chafika. Dzuwa losuzumira lija limanena zoona kuposa lathunthu, chifukwa limavomereza kuti kunja kukadali kachisisira.

Tsopano titsikire pansi, pomwe zilombo zija zaponda. Tikamati wofiira ndi magazi a amene anafera ufulu, ana amaganiza za anthu akutali, a m'zithunzi za m'buku. Koma ena a magazi amenewo anagwera m'dothi lomwe lino. John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa K500 ndi K2,000, anayambitsa nkhondo yake pa 23 Januwale 1915 ku Chiradzulu, ndipo anawomberedwa pa 3 Febuluwale kuno kudera la Mulanje akuthawira ku Mozambique. Ambiri mwa anthu amene ankazunzika pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene mkwiyo wake unaphulikira, anali Alhomwe ongofika kumene kuchokera kutsidya, opanda malo awoawo, olipira lendi ndi thukuta. Dzina la zimenezo tonse timalidziwa: thangata. Mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito pakati pa anansi anasanduka goli. Ndipo mu Ogasiti 1953, kufupi ndi Luchenza, nkhani ya anthu ogwidwa powaganizira kuba malalanje pa esiteti ina inayatsa moto umene unafalikira m'maboma angapo a kum'mwera. Anthu anagwetsera mitengo m'misewu, anakana malamulo a malimidwe, mfuti zinalira, anthu 11 anafa. Pa 3 Malichi chaka chilichonse timamva za Nkhata Bay, ndipo n'koyenera kutero. Za ku Thyolo za 1953 ndani amazitchula? Anthu amenewo sanafere nsalu, sanafere nyimbo, ndipo sindikhulupirira kuti ankaganiza za mipando ya nduna. Ankafuna pokhala ndi polima popanda kupempha kwa kapitawo.

Ndiye mzere wobiriwira uja. Mlendo akamachoka ku Limbe kudzera ku Bvumbwe, kutsika ku Thyolo, kupitirira Luchenza mpaka pa Chitakale, amaimitsa galimoto n'kuyamba kujambula. Sindimudabwa. Palibe malo m'Malawi muno obiriwira chaka chonse ngati minda ya tiyi, imene inayamba kuno ku Mulanje m'ma 1890, malo ake atatengedwa ndi zikalata zimene Harry Johnston ankapereka kwa azungu zotsimikiza kuti anagula kwa mafumu, nthawi zina ndi nsalu ndi mikanda. Koma mlendoyo akanatsika n'kuyenda wapansi kukafika pomwe tiyi wathera, akanaona china. Mzere wa mabulugama, kenako mudzi wothinana ngati zisa za atimba, nyumba kuseri kwa nyumba, manda pafupi ndi chitsime, kamunda kongokwana mizere ingapo ya chimanga, m'kati momwemo nandolo, chinangwa ndi kalongonda. Mchemwali wanga anagawira ana ake aakazi anayi munda umene mayi athu anamusiyira. Pogawapo anagwiritsa ntchito chingwe choyanikira zovala, ndipo chinakwana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje ndi oposa 720,000 ku Thyolo. Ambiri mwa iwo kubiriwira kwa pa mbendera amakuona tsiku lililonse, ena amakuthyola ndi manja awo dengu lili kumsana, koma pakati pa iwo ndi kubiriwirako pali mlonda.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe, ndipo si zopanda nzeru. Ati ma esiteti ndi amene amalemba anthu ntchito zikwizikwi kuno, ndi amene amabweretsa ndalama zakunja pambuyo pa fodya, ena ali ndi zipatala ndi sukulu, ndipo alimi ang'onoang'ono a tiyi amagulitsa masamba awo ku mafakitale omwewo. Ati ngakhale mutazula tiyi yense n'kugawa malowo, pakatha mbadwo umodzi chingwe choyanikira zovala chidzabweranso, chifukwa mu 1966 tinalipo anthu 4 miliyoni ndipo mu 2018 tinali 17.5 miliyoni. Zonsezo ndi zoona, ndipo ine si wa gulu loti tikalowe m'minda ya eni ndi zikwanje. Pamene Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation analengeza zaka zingapo zapitazo kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko paokha, ndinaseka nawo amene anaseka. Koma nditaseka ndinadzifunsa kuti anthu amene ankamutsatira, amayi a zitenje zong'ambika ndi anyamata a kabaza, ankamvamo chiyani. Sankafuna mbendera yatsopano. Anamva munthu akutchula mokweza nkhani imene andale amaitchula pa kampeni pokha. Boma linayesapo ndi pulojekiti ya Kudzigulira Malo, kuyambira 2004 mpaka 2011, imene inapezera malo mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera kuno n'kukakhala ku Machinga ndi ku Mangochi. Amene anapindula anapindula. Koma taonani yankho lake: kuti munthu wa patsinde pa phiri apeze polima, achoke pa phiripo. Malo amene akungogona m'ma esiteti ena, malipiro a wothyola tiyi, gawo la anthu a m'midzi yozungulira pa phindu la mbewuyi, zimenezi ndi nkhani zoti anthu akhoza kukhalirana pansi popanda kuthyola mpanda wa wina. Zaka zoposa 60 zapita tikuzizemba.

Phiri lenilenilo nalo tiliyang'ane, ndipo apa chala chiloze ife tomwe. Mu 1984 Kamuzu analengeza kuti mkungudza wa Mulanje ndi mtengo wa fuko. Mtengo umenewu sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi koma pamwamba pa phiri lino. Akatswiri atayendera phiri mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Amene anadula si atsamunda okha. Tonse tinkakumana nawo anyamata akutsika njira ya ku Likhubula mbandakucha, thabwa lalitali pamutu, nkhata ya udzu, miyendo ikunjenjemera, fungo la mkungudza likuwatsatira. Anali ana athu, adzukulu athu, ndipo ogula anali mabwana a m'tauni okhala ndi zikalata zodindidwa ndi chizindikiro chomwechi. Ine ndemwe ndili ndi kabokosi ka mkungudza m'chipinda, ndimasungiramo masatifiketi. Ndikakatsegula kamanunkhira bwino, ndipo ndimachita manyazi. Mbande zikubzalidwanso tsopano, koma mkungudza suthamanga, amene akubzala sadzaupumira mthunzi. Madzi a mu Likhubula analowa m'mapaipi kupita ku Blantyre, ndipo sindidandaula kuti abale athu a ku Bangwe amwe, bola mayi wa m'mudzi umene paipi yadutsa asamatunge pachithaphwi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala, monga Napolo anachitira ku Phalombe mu 1991, ndipo zipsera zake zikuonekabe m'mapiri muno. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, pamene nkhani yokumba miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, pamwamba pake imangozima n'kuyakanso. Dziko limene linasankha phiri ili kukhala popondapo pake liyenera kusankha kuti likufuna chiti, Sapitwa, nsonga ya phirili ya mamita 3,002, wokhala ndi mitsinje yake, kapena dzenje.

Pa chizindikiro chija, pansi pa phiri pali kansalu kolembedwa mawu atatu: Unity and Freedom. M'Chichewa timati umodzi ndi ufulu, koma pa chizindikiro palibe Chichewa, ndipo mayi wothyola tiyi amene wanyamula mawuwa pa chiphaso chake, chomangidwa pa mfundo ya chitenje, sanauzidwepo kuti akuti chiyani. Poyamba zinkandiwawa. Pano ndimaganiza kuti mwina Chingerezicho chinatipulumutsa ku mkangano wina, chifukwa mukanalemba m'Chichewa, wa ku Rumphi akanafunsa za Chitumbuka, ndipo akanakhala ndi chifukwa, pokumbukira zimene zinachitika mu 1968 pamene Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chimene chimandivuta kwambiri si chilankhulo. Ndi kamawu ka pakati, ka "ndi". Sitinayambe tagwirapo ziwirizi nthawi imodzi.

Amene tinakula nthawi ya Kamuzu tinaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Werengani bwino, ufulu mulibemo. Unatsala pa chizindikiro pokha. Patangotha miyezi iwiri mbendera itakwera, mu Seputembala 1964, nduna zimene zinayesa kulankhula, a Chipembere, a Chiume, a Orton Chirwa ndi anzawo, zinachotsedwa kapena kutula pansi maudindo, ambiri n'kuthawa m'dziko. Kuchokera pamenepo umodzi unatanthauza kukhala chete. Unatanthauza khadi la chipani pakhomo la msika, ayufi ataima ndi ndodo, mayi woyembekezera akuuzidwa kuti agulirenso amene ali m'mimba. Unatanthauza nduna zitatu ndi phungu mmodzi kufera ku Mwanza mu 1983, ife n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Ngakhale lamulo loteteza mbendera ndi zizindikiro linaphatikizamo dzina la pulezidenti, ngati kuti munthu ndi mbendera ndi chinthu chimodzi.

Pa 14 Juni 1993 tinavotera nyali, ndipo ufulu unabwera. Umodzi ndiye unatuluka pakhomo lina. Chisankho cha 1994 chinajambula mapu a zigawo zitatu, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amadziwa kuti mavoti a boma lakuti ndi a chipani chakuti asanawerengedwe n'komwe. Ife a kuno tili ndi mbiri yathu pa nkhaniyi. Makolo athu ankachita manyazi kulankhula Chilhomwe pagulu chifukwa cha dzina lachipongwe limene ankaitanidwa nalo, ndipo pamene Mulhako wa Alhomwe unakhazikitsidwa mu 2008, likulu lake pa Chonde, nkhalamba zambiri zinalira ndi chimwemwe poona tchopa akuvinidwa masana, pamaso pa dziko lonse. Ine ndinali pomwepo ndipo sindichita nazo manyazi. Umenewo ndi ufulu weniweni. Koma ndinaonanso momwe mwambo umasandukira msonkhano wa chipani, ndi momwe mawu oti "ndi wathu" amatsekera pakamwa pa munthu amene akanafunsa za mankhwala m'chipatala. Matendawa si a Alhomwe okha, ali ku Kasungu, ali ku Mzimba, ali ku Mangochi. Ndatchula kwathu chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Thyolo yatulutsa apulezidenti awiri a mimba imodzi, koma pitani ku Thekerani kapena ku Masambanjati mukafunse ngati minda inakula.

Mnzanga wina amene timakhala naye pa bawo pa Chitakale anandidula pakamwa ndikufotokoza zimenezi. Anati, "Aphunzitsi, mbendera sadyera nsima. Mukuvutikiranji ndi zojambula?" Ananena zoona theka. Koma iye yemweyo, tsiku limene Flames inagonjetsa Zimbabwe ku Cameroon mu Januwale 2022, anathamanga msewu wonse atakulunga mbendera m'khosi, mpaka anataya sandasi imodzi. Anthu amene sagwirizana pa chipani, pa mpingo ngakhale pa mtengo wa nanazi anakumbatirana usiku umenewo pansi pa nsalu yomweyo. Chinthu chimene chingachite zimenezo si chopanda ntchito. Vuto ndi loti timachitulutsa pa mpira ndi pa maliro a akuluakulu basi.

Ena, makamaka achinyamata a pa Facebook, amati tichotse chisoti chachitsulo ndi mkango wa ku England, tiikepo khasu, mtondo kapena chambo. Ndimawamvetsa, koma sindili nawo. Taona kale kuti kujambulanso n'kotchipa kwa wolamula ndipo n'kodula kwa wokhoma msonkho: mbendera za m'sukulu zonse, ma ofesi, mabuku, mayunifomu, kenako pakatha zaka ziwiri n'kubwerera pomwe tinali. Ndipo boma lililonse likayamba kujambula zake, chizindikiro chidzakhala ngati nsalu ya chipani, yosintha ndi chisankho. Chisiyeni momwe chilili, ndi zipsera zake za utsamunda, chifukwa nazonso ndi mbiri yathu. Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Mphunzitsi wa ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe akafika pa mutu umenewu atulutse ana panja, awalozere phiri, awauze za thangata ndi za 1953 asanawauze za timizere 31. Phungu amene amalumbira pansi pa chizindikirochi, akabwera kudzapempha voti pa Limbuli kapena pa Nkando, tizimufunsa za malo, za mkungudza ndi za madzi, ngakhale atakhala mwana wa mlongo wathu. Ndipo pa 3 Malichi pakhale wina wokayala nkhata kufupi ndi Luchenza.

Mdzukulu wanga anang'amba tsamba lija n'kuyambiranso. Ulendo uno anayamba ndi phiri. Sanakopere pa kandalama, anakhala kuseri kwa khitchini n'kujambula limene ankaliona, ndi mathanthwe ake, ndi mizere ya madzi, ndi malo ometeka kumene kunali mitengo. Linadya theka la tsamba, moti mkango ndi kambuku zinachita kupanikizana pamwamba, nkhwazi n'kutsala kakang'ono ngati mpheta. Lachisanu anabwera nalo kope. Aphunzitsi anamupatsa 6 pa 10, n'kulemba ndi cholembera chofiira m'mbali kuti phiri lakula kwambiri.